Desiki la Pafupi ndi Zenera

Mu ufumu wa Indebwana, kumene mvula imadikira nduna zitsirize kulankhula isanagwe, Mfumu Ndanenakale Wachitatu inadzuka tsiku lina mtima uli m'mwamba. Inali itamva kuti maufumu oyandikana nawo ali ndi ana anzeru zapadera, ana oti ukawafunsa funso amayankha iwe usanatseke pakamwa. Inafuna kudziwa chifukwa chake Indebwana analibe akeake.

Bwalo la nduna linakhala ku likulu la Kumpando masiku asanu ndi awiri. Zimene zinalankhulidwa kumeneko munthu wa moyo umodzi sangazibwereze. Masiku atatu anathera kulonjerana maudindo, atatu ena kuthokoza amene analonjera, ndipo tsiku lomaliza, anthu atayamba kale kufunafuna nsapato pansi pa mipando, a Dazilowala, Nduna ya Maphunziro ndi Kuwomba M'manja, anaimirira ndi kuwerenga lamulo.

"Choyamba, sukulu ya boma iliyonse itsegule Kalasi ya Nthanda, ya ana a mitu yakuthwa. Chachiwiri, popeza dzungu silibala mphonda, nzeru za mwana ndi za kholo lake. Choncho wophunzira aliyense akhale ndi kholo lake m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndipo kholo likajomba katatu, malo a mwana atha. Chachitatu, wopambana pa mayeso a kumapeto kwa chaka apita ku Sukulu Yaikulu ya Kumpando, kumene kuli nyumba ya mabuku ndi galasi loonera nyenyezi."

Mfumu inati, "Ndanena kale." M'dzikolo mawu amenewa akatuluka sabwereranso, ngakhale mfumuyo itawathamangira.

Lamuloli linakafika pa msika wa Bweranimawa, m'tauni ya Tidikire, kumene Nagama ankagulitsa nthochi moyandikana ndi a Zingani okhoma zidebe. Nagama anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Bambo ake a mwanayo anapita kutsidya kukafuna ntchito ndipo zikuoneka kuti anali akuifunabe. Mwanayo anabadwa mwezi umene amayi ake a Nagama anamwalira, ndiye anampatsa dzina la malemuwo, Tinenenji. Monga mwa mwambo, Nagama sankamutchula dzinalo. Kuyambira ali kumsana ankamuitana kuti amayi. Msika wonse unazolowera kumva mzimayi wamkulu akufuula, "Amayi, pukutani mamina," kapena, "Amayi, mukapanda kutsika mumtengomo ndikukwapulani."

Tinenenji anali mwana wotopetsa m'njira yokoma. Pepala lililonse lokulungira kanyenya ankaliwongola ndi kuliwerenga mpaka pamene mafuta anadya mawu. Ankafuna kudziwa chifukwa chake mwezi umatsatira munthu poyenda, ndiponso ngati nyenyezi zimaonana zokhazokha. Atamva za galasi la Kumpando anakhala masiku awiri osamva kukoma kwa chakudya. Pa ana makumi anayi osankhidwa ku Tidikire, makumi atatu ndi asanu ndi atatu anapezeka kuti ndi a nduna, a akuluakulu a boma ndi a alamu awo, zimene zinatsimikizira aliyense kuti za dzungu zija n'zoona. Tinenenji analowa chifukwa aphunzitsi, Mayi Kamtedza, anakana kudya mpaka dzina lake litalembedwa.

"Ndiye mukupita kusukulu, Nagama?" anafunsa a Zingani, akumenya chidebe pang'onopang'ono kuti asaphonye yankho.

"Ndikuperekeza amayi."

"Nanga nthochizi?"

"Muziyang'anira inu. Kuyang'anira ndi maso, a Zingani, osati ndi mano."

"Zikapsa kwambiri ndizipulumutsa kuti zisaole. Ndine munthu wachifundo."

Nagama anangoseka. Iye sanalowepo m'kalasi. Ali mwana ankanyamulira mlongo wake sileti mpaka pachipata cha sukulu, n'kubwerera kukalera ana a azakhali. Papepala lililonse la boma ankadinda chala.

Tsiku loyamba panabuka mlandu dzuwa lisanatenthe. Kholo ndi ndani? Abambo anati ndi iwo. Amalume anati bambo ndi tambala wobwereka, mwini mbumba ndi malume, ndipo nzeru zimayenda ndi bere. Amayi a anawo sanalankhule zambiri, anangolowa. Popeza panalibe wofuna kuti nzeru za mwana zilembedwe ku mtundu wa mnzake, mwana aliyense anabwera ndi akuluakulu atatu, ena anayi. A Nduna Dazilowala, omwe kwawo kunali ku Tidikire komweko ndipo mwana wawo anasankhidwa, anabwera okha kudzapereka chitsanzo, ndi mlamu wawo wowanyamulira chipewa.

M'kalasimo munali madesiki makumi awiri.

Ana a ku Indebwana ndi oleredwa bwino. Mwana sakhala pampando wamkulu ataimirira. Ana anatsika pansi. Pansi patadzaza miyendo ya amalume, anasunthira pakhonde. Pakhonde pataimikidwa njinga za alamu, anakakhala pansi pa mtengo wa bulugamu, umene mthunzi wake ndi wongomveka mbiri. Palibe anawathamangitsa. Ulemu wokha ndi umene unawatulutsa, mmodzimmodzi, akuwerama.

Nagama anapeza malo pa desiki la pafupi ndi zenera, chifukwa akuluakulu ankaopa kuti dzuwa liwawalitsa pamutu. Tinenenji anakoka njerwa ziwiri, nakwerapo panja, chibwano chili pazenera, pafupi ndi khutu la amake.

Mayi Kamtedza anali atakonza phunziro la kayendedwe ka dziko mozungulira dzuwa. Atayang'ana imvi zimene zinali patsogolo pawo, anaganiza zoyamba ndi kafunso kotenthetsera mitu.

"Seveni taimusi eyiti?"

A Nduna anakweza dzanja, ndipo manja ena onse anatsika okha.

"Fifite-foro."

Choko chinaima m'malere. "Mwayandikira kwambiri, bwana."

"Ndayandikira kapena ndafika?"

Mayi Kamtedza anayang'ana a Nduna, anayang'ana mlamu wa chipewa, anakumbukira sukulu ya kumalire kumene aphunzitsi amatumizidwa kukaganiza bwino. "Mwafika, bwana."

Kalasi inawomba m'manja. Pazenera Tinenenji anatsegula pakamwa, koma Nagama anamuponyera diso lija limene mayi aliyense amabadwa nalo. Mwana sawongolera wamkulu pagulu. Tinenenji anameza yankho lake, ndipo linamveka likutsika.

Pofika madzulo, chikalata chinali chitakhomedwa pamsika cholengeza kuti mu ufumu wa Indebwana, seveni taimusi eyiti ndi fifite-foro.

"Nanga ziwiri zotsalazo zapita kuti?" anafunsa mayi wina wogulitsa mazira.

"Kumene zimapita ziwiri zonse za mu ufumu uno," anayankha a Zingani osadzutsa mutu. "Musazifunefune. Zili bwino, zikunenepa."

Kuyambira pamenepo Kalasi ya Nthanda inayamba ulendo wake wobwerera m'mbuyo. Popeza kholo silingalakwe, ndiponso silingasiyidwe m'mbuyo, Mayi Kamtedza ankatsitsa phunziro sabata iliyonse kufunafuna pamene onse angaime bwinobwino. Anasiya za dzuwa chifukwa malume wina anati iye wakhala zaka makumi asanu ndi limodzi ndipo sanamvepo dziko likusuntha. Anasiya kuchulukitsa, anasiya kuchotsera. Kuwerenga ndime kunasiyidwa pamene zinaoneka kuti akuluakulu onse anaiwala magalasi kunyumba tsiku limodzi. Mwezi wachinayi, aphunzitsiwo anapukuta bolodi lonse, napuma mozama, nalemba zilembo zisanu zikuluzikulu.

"Tibwereze pang'ono, mabwana ndi madona, pongokumbutsana. A, e, i, o, u."

Akuluakulu anayasamula. Ena anagona, ena anapitiriza kukambirana za maliro ndi za mipando. Koma pa desiki la pafupi ndi zenera, mtima wa Nagama unagunda ngati wa namwali amene wamva likhweru limene wakhala akulidikira. Ndiye a ndi ameneyu? Kamimba kozungulira ndi kandodo kotsamira, ngati mayi wapakati wayedzamira khoma. Zaka zonsezi ankamuona pa matumba, pa zikwangwani, pa khadi la kusikelo, osadziwa kuti ndi yemwe uja amatuluka m'kamwa mwake akadabwa. O anali pakamwa pa mtsuko. U anali mtsuko womwewo utadulidwa. Sukulu imene inamusiya pachipata zaka makumi atatu zapitazo inali itabwerera chammbuyo, pang'onopang'ono, mpaka kudzamupeza pamene anaima.

Anayamba kudzuka m'mamawa. Ankalemba ndi khala pa khoma la bafa, ndi chala pa ufa, ndi minga pa khungu la nthochi. A Zingani anadandaula kuti adya nthochi yolembedwa ba be bi ndipo m'mimba mwawo mwayamba kulankhula.

Tsiku limene analemba dzina lake lonse koyamba, Nagama anatembenukira kuzenera kuti aonetse.

"Amayi, taonani."

Pazenera panalibe munthu. Njerwa ziwiri zija zinali pomwepo, udzu utamera m'mbali mwake. Udzu sumera tsiku limodzi.

Anamupeza pansi pa bulugamu. Ana ena ankasewera fulaye, ena bawo la pansi. Tinenenji anali atakhala payekha, akujambula mizere yozungulira pamchenga ndi kuifufuta ndi phazi.

"Munasiya liti kubwera pazenera?"

"Kalekale, ama. Kuyambira pa ka ke ki."

"Osandiuza?"

"Munali otanganidwa." Anatero mopanda mkwiyo, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. "Mwalemba bwino. G wanuyo wangopenyera kolakwika."

Nagama anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene mwanayu anamufunsa za mwezi. Sanalipeze. Ananyamuka kupita kunyumba akudziona ngati munthu amene anatumidwa kukapereka chakudya kwa wodwala n'kudya yekha m'njira. Akajomba, mwana ataya malo. Akapita, akhala pamalo pa mwanayo. Ndipo chinthu chimene sakanauza munthu chinali chakuti mawa ankaphunzira nkha nkhe nkhi, ndipo ankafunitsitsa kukhalapo.

Mayeso atafika, mapepala anagawidwa kwa okhala pa madesiki, popeza panja kunali mphepo. Nagama anayesa kutulutsa lake pazenera, koma a Nduna, omwe ankalemba nawo mayesowo komanso kuwayang'anira, anamuona.

"Mayi, kumeneko ndi kubera. Mukufuna ana alowerere pa maphunziro a ana?"

Nagama analibweza. Analemba akulira, misozi ikugwera pa ma me mi. Akuluakulu ambiri anangosaina m'munsi mwa pepala monga anazolowera ku ofesi. A Nduna analembapo mawu otsegulira msonkhano. Nagama yekha ndi amene anayankha funso lililonse, ndipo analakwa limodzi lokha: pa seveni taimusi eyiti analemba fifite-sikisi, chifukwa mikoko ya nthochi sinawerenge chikalata cha boma.

Mfumu Ndanenakale inabwera yokha kudzapereka mphotho. Msika unatsekedwa kuti anthu akasangalale mwakufuna kwawo. Mfumu italowa m'kalasi ndi kuona imvi, madazi ndi ndodo zoyendera, inagwedeza mutu mokhutira.

"Zoonadi ana awa ndi apadera. Nzeru zawakhwimitsa msanga."

Anatulutsa tebulo pabwalo, ndipo a Nduna anawerenga zotsatira ndi nkhope ya munthu amene waluma mwala mu mpunga. Wopambana, wopita ku Sukulu Yaikulu ya Kumpando, anali Nagama.

Azimayi a pamsika analulutira. Nagama anayenda kupita kutsogolo, ndipo tisabise, kwa kanthawi kochepa anaiona nyumba ya mabuku ija. Anadziona atakhala pakati pa mashelefu aatali ngati nkhokwe, akutsegula buku lililonse ndi kulonjera chilembo chake chija cha a m'menemo. Kenaka anayang'ana ku bulugamu. Tinenenji ankawomba m'manja limodzi ndi ana ena, mwaulemu, maso ali pansi.

Kalaliki wa mfumu anatsegula kaundula. "Dzina la wophunzira?"

"Nagama."

"Dzina la kholo limene lizikakhala m'kalasi?"

Kalaliki anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Lamulo ndi lomwe lija, mayi. Kumpando n'chimodzimodzi. Popanda kholo, malo atha."

"Kholo ndi limene limakhala m'kati?"

"Mwakhala kuno chaka chonse, simunaone?"

"Pa desiki? Pafupi ndi mabuku?"

"Nanga likhale pati, padenga?"

Nagama anamanga bwino chitenje chake. "Ndiye lembani amayi anga."

"Ali kuti?"

Nagama anatembenuka, nakweza mawu aja amene msika wonse unkawadziwa. "Amayi! Tabwerani kuno, ndipo musakoke mapazi."

Tinenenji anadutsa pakati pa khamu, mawondo ali mbuu ndi fumbi, nagwada pafupi ndi tebulo. Anthu anayamba kung'ung'udza. A Nduna Dazilowala anaimirira msangamsanga mpaka mlamu wawo anagwetsa chipewa.

"Mfumu yanga, uku ndi kunyoza bwalo. Uyu ndi mwana. Taonani msinkhu wake."

"Ndi amayi anga, bwana," anatero Nagama atagwada. "A Tinenenji. Anachoka mwezi wa Okutobala, anabweranso mwezi womwewo. Dzina ndi lawo, mphuno ndi yawo, ngakhale kulongolola ndi kwawo. Makalata anga a kuchipatala amandiwerengera ndi iwo. Funsani aliyense ngati anandimvapo ndikuwatchula dzina lina."

"Ine ndakhala pafupi nawo zaka zisanu ndi ziwiri," anatero a Zingani kuchokera kumbuyo, "ndipo ndachita umboni kangapo amayi amenewa akukwapulidwa ndi mwana wawo chifukwa chokwera mumtengo."

Anthu anaseka, kenaka anadziletsa poona kuti mfumu sinaseke. Inali ikusisita chibwano.

"Dazilowala, lamulo lako likuti kholo likhale la zaka zingati?"

"Silinatchule, mfumu yanga. Koma nzeru zimatiuza kuti dzina lokha silisandutsa munthu kukhala wakale uja."

A Nduna anazindikira mochedwa chimene aponda.

"Bwereza," inatero mfumu mofatsa. "Ine ndine Ndanenakale Wachitatu. Dzina ili linali la agogo anga. Bambo anga ondibereka ankandigwadira ndi kunditchula kuti atate ndili ndi zaka zinayi. Pa mpando uwu ndakhalapo chifukwa cha dzina limeneli. Ukuti dzina silitani?"

"Ndikuti limasandutsa, mfumu yanga. Limasandutsa kwambiri. Ndipotu ndikawayang'anitsitsa mayiwa ndikuona kuti ndi achikulire ndithu."

"Alembedwe. Ndanena kale."

Kalaliki anakonzeka kulemba, koma Nagama anatambasula dzanja. "Ndilembe ndekha."

Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo, ufumu wonse ukudikira. Ti. Ne. Ne. Pa nji anaima pang'ono, chifukwa anali atangomuphunzira sabata yathayo, kenaka anamutsiriza ndi kadontho kake pamwamba. Kalaliki anamukankhira inki ya chala mwachizolowezi. Nagama anaikankhira kwa iye mwini.

"Funso limodzi, bwana kalaliki. Wophunzira amakhala kuti?"

"Panja, monga mwa nthawi zonse."

"Panja pake pamalekezera pati?"

"Panja ndi panja, mayi. Palibe anapayezapo."

"Zikomo. Ndiye ine ndizikaphunzirira ku Bweranimawa."

Tinenenji ananyamuka pa lole ya boma patapita sabata ziwiri, atavala baji yolembedwa kuti KHOLO, imene inamufika pafupifupi pamchombo. Nagama sanalire mpaka fumbi litatha. Tsiku lotsatira anadutsa pa sukulu popita kumsika. Anamva kalasi ikuyimba mba mbe mbi, anachepetsa liwiro, anaona malume wina atagona pa desiki la pafupi ndi zenera, kukamwa kuli yasa. Anasenza bwino dengu lake ndi kupitirira.

Mwezi usanathe, mbiri inafika pamsika yakuti bwalo la nduna lakhalanso. Ku Sukulu Yaikulu, kholo lina laling'ono linakweza dzanja ndi kunena kuti seveni taimusi eyiti ndi fifite-sikisi. Popeza kholo silingalakwe, ndipo a Nduna nawonso ndi kholo, akuluakulu anali pa tsiku lachisanu ndi chimodzi lofunafuna njira yoti mayankho onse awiri akhale oona.

"Mwina ziwiri zija zibwerera," anatero mayi wa mazira.

"Zikabwerera sitizizindikira," anatero a Zingani. "Zidzabwera pa galimoto."

Kalata inafika Lachinayi masana. Nagama anapukuta manja pachitenje kawiri asanaitsegule. Anaiwerenga kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mthunzi wa zidebe utafika pa nthochi, chala chikuyenda pansi pa chilembo chilichonse, milomo ikunong'ona. Ogula atatu anabwera n'kubwerera osayankhidwa.

Inkati: "Mwana wanga Nagama, kuno ndinafika bwino. Mabuku ndi ambiri moti ndikuchita kusowa poyambira, ndipo makolo anzanga sawakhudza, ndiye onse ndi anga. Galasi lija ndaliona. Kuli nyenyezi ina yovala mphete, ndidzakuuza ndikabwera. Usamajombe. Uziwerenga tsamba limodzi tsiku lililonse, ngakhale la kanyenya. G wako uzimupenyetsa kumanja. Ndine amayi ako, Tinenenji."

Anaipinda, naitsegulanso, nayang'ana mawu oti mphete, amene anamuvuta kwambiri.

"Ngati pali pokuvutani ndikuthandizeni," anatero a Zingani.

Nagama anawapatsa kalatayo. A Zingani anaigwira mwaulemu ndi manja awiri, naiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mutu ngati munthu wogwirizana ndi mfundo zake.

"Mwaizondotsa, a Zingani."

A Zingani anaitembenuza, anakanda m'mutu, kenaka anaseka chamumtima. "Magalasi ndaiwala kunyumba."

"Inunso mwakhala nduna?"

"Ayi. Ine ndinalekezera pachipata." Anaika nyundo pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri analankhula osaseka. "Kalasi yanuyi ili ndi malo?"

Nagama anasuntha pa benchi, nathyola nthochi imodzi yosapsa kwenikweni, natola kamsomali pa zidebe zawo. Pa khungu la nthochiyo anajambula kamimba kozungulira ndi kandodo kotsamira.

"Khalani apa. Uyu ndi a. Mubwere mawa m'mamawa, ndipo kholo lanu mulisiye kunyumba."